Mfumukazi Victoria: Moyo Wake ndi Ufumu Wake

Mwa mafumu onse a ku England amene analipo iye asanabadwe, palibe amene dzina lake linafika kutali monga la Mfumukazi Victoria. Iye anakhala pa mpando wachifumu zaka 63 ndi miyezi isanu ndi iwiri, kuyambira mu 1837 kufikira mu 1901, ndipo m'zaka zimenezo dzina lake linapatsidwa kwa mathithi a pa Zambezi, kwa nyanja yaikulu ya ku East Africa, kwa mzinda wina wa ku Canada ndi kwa chigawo china cha Australia. Kwathu kuno tili ndi mseu wa Victoria Avenue mu Blantyre, ndiponso nsanja ya wotchi ku Mangochi, imene inamangidwa kukhala chikumbutso chake iye atamwalira. Tsono mwana wa sukulu akadzaimika dzanja nafunsa kuti, "Kodi Victoria ameneyu anali yani, nanga anadzachita chiyani kwathu kuno?" mphunzitsi ayenera kukhala ndi yankho loona.

Yankho lofulumira ndi lakuti anali mfumukazi imene inalanda dziko lathu. M'yankho limeneli muli choona pang'ono, koma limasokeretsa ana, pakuti Victoria sanapondepo phazi lake mu Africa, ndipo sanali kulamulira monga umo analamulira Shaka kapena Zwangendaba. Chimene tifuna kuonetsa m'nkhani ino ndi ichi: pamene dzina la Victoria linali kukula, mphamvu yake yolamulira inali kuchepa, kotero kuti zambiri zimene zinachitika m'dzina lake, zokoma ndi zowawa zomwe, zinachitidwa ndi manja a anthu ena.

UBWANA WAKE

Victoria anabadwa pa 24 Meyi 1819 m'nyumba yachifumu ya Kensington mu London. Atate wake anali Edward, mwana wamwamuna wachinayi wa Mfumu George III, ndipo amai wake anali mkazi wa banja lachifumu la ku Saxe-Coburg, m'dziko la Ajeremani. Atate wake anamwalira mu Januwale 1820, mwanayo ali ndi miyezi isanu ndi itatu yokha.

Apa mphunzitsi afotokoze bwino za malowedwe a ufumu, chifukwa ana ambiri amadziwa mwambo wa Achewa, umene ufumu umatsata mbumba, ndipo wolowa m'malo amakhala mbale wa mfumu kapena mwana wa mlongo wake. Kwa Angelezi ufumu umatsata ana a mfumu yeniyeniyo, kufanana pang'ono ndi mwambo wa Angoni, ndipo m'masiku amenewo mwana wamkazi anali kulowa pokhapokha ngati analibe mlongo wake wamwamuna. Akulu atatu a Edward analibe mwana wa m'ukwati amene anakhala ndi moyo kufikira kulowa ufumu. Chotero George IV atamwalira mu 1830, ndi mng'ono wake William IV atalowa, anthu onse anadziwa kuti wotsatira ndi kamtsikana ka ku Kensington kaja.

Ubwana wake sunali wokondweretsa. Amai wake pamodzi ndi kapitao wa nyumba yao, Sir John Conroy, anamlera motsekereza. Sanali kumlola kusewera ndi ana ena mwaufulu, kapena kutsika makwerero popanda womgwira dzanja, ndipo anali kugona m'chipinda cha amai wake kufikira tsiku limene analowa ufumu. Conroy anali kuyembekeza kuti William akafa mtsikanayo asanakwanitse zaka 18, amai wake adzagwirizira ufumu, ndipo iye adzalamulira ali kumbuyo kwao. Mu 1835, Victoria ali chigonere ndi matenda aakulu, Conroy anamkakamiza kusaina kalata yomlonjeza udindo wa mlembi wake. Koma mtsikanayo, wodwala chomwecho, anakana. Liuma limeneli anakhala nalo moyo wake wonse. Bwenzi lake lenileni anali mlezi wake Louise Lehzen, ndiponso buku limene anayamba kulembamo zochitika za tsiku ndi tsiku mu 1832, nalembabe kufikira masiku ochepa asanamwalire.

ALOWA UFUMU

William IV anamwalira pa 20 Juni 1837, pasanathe mwezi Victoria atakwanitsa zaka 18. M'mamawa wa tsiku limenelo Bishopu wamkulu wa ku Canterbury ndi mkulu wina wa ku nyumba yachifumu anafika ku Kensington kudzamuuza kuti tsopano ndiye Mfumukazi. Mwa zinthu zoyamba zimene analamula china chinali chakuti kama wake achotsedwe m'chipinda cha amai wake. Anamveka chisoti chachifumu m'tchalitchi cha Westminster Abbey pa 28 Juni 1838. Dziko la Hanover, limene linali pansi pa mafumu a ku England chiyambire 1714, linapatuka nthawi yomweyo, popeza malamulo ake sanali kulola mkazi kulowa ufumu.

Mtsikana wosadziwa za boma anafunika mlangizi, ndipo anampeza mwa nduna yaikulu, Lord Melbourne, amene anamkonda monga atate wake. Mu 1839 Melbourne anatula pansi udindo, ndipo Sir Robert Peel, mtsogoleri wa chipani chotsutsa, anaitanidwa kuti apange boma. Peel anapempha kuti ena mwa akazi otumikira Mfumukazi m'nyumba, amene anali abale a nduna zakale, asinthidwe. Victoria anakana kwamtuwagalu, Peel naye anakana udindowo, ndipo Melbourne anabwerera. Kunaoneka ngati Mfumukazi yapambana. Koma mu 1841 chipani cha Peel chinapambana pa chisankho, ndipo Victoria anamlandira, nalola kuti akazi aja asinthidwe. Limeneli ndilo linali phunziro lake loyamba lakuti mwini kusankha boma ndi anthu oponya voti.

UKWATI WAKE NDI ALBERT

Pa 10 Febuluwale 1840 Victoria anakwatiwa ndi Albert wa ku Saxe-Coburg ndi Gotha. Atate wa Albert ndi amai wa Victoria anali munthu ndi mlongo wake. Ndiye kuti Albert anali mwana wa malume wake, amene ife timati msuweni. Popeza iye anali Mfumukazi, mwambo sunalole kuti mnyamatayo ayambe kufunsira, chotero anafunsira ndiye mkaziyo. Anakondana kwambiri, ndipo pakati pa 1840 ndi 1857 anabereka ana asanu ndi anayi, aakazi asanu ndi aamuna anayi. Pobereka mwana wachisanu ndi chitatu mu 1853 Victoria analola kupatsidwa mankhwala ogonetsa otchedwa chloroform, ndipo zimenezi zinachotsa mantha mwa akazi ambiri amene anali kuwakayika mankhwalawo.

Albert anali munthu wakhama ndi wokonda maphunziro. Angelezi ambiri anali kumpeputsa monga mlendo wodzakwatira pamudzi, koma iye ndiye anaphunzitsa mkazi wake kuwerenga makalata a boma mosamala ndi kusaonetsa poyera chipani chimene anali kuchikonda. Mu 1851 anatsogolera chionetsero chachikulu cha makina ndi zopangapanga za maiko onse, m'nyumba ya magalasi ndi zitsulo yotchedwa Crystal Palace mu London, ndipo olowamo anaposa mamiliyoni asanu ndi limodzi. Mau ake oyamba kulankhula pagulu ku England anawalankhula mu Juni 1840 pa msonkhano wothetsa malonda a akapolo mu Africa, ku Exeter Hall. Pakati pa omvera panali mnyamata wa ku Scotland wophunzira udokotala, dzina lake David Livingstone.

DZIKO LISINTHIKA

Victoria analowa ufumu anthu akali kuyenda pa magaleta a akavalo. Pomwalira anasiya njanji zitalukana m'dziko lonse. Iye mwini anakwera sitima ya pamtunda koyamba mu 1842. Mu 1840 kunatuluka sitampa yoyamba ya dziko lonse lapansi, ya kobiri limodzi, ndipo panali nkhope yake. Mpaka lero masitampa a Britain salembedwa dzina la dziko, amangoonetsa mutu wa mfumu. Mu 1858 anatumiza uthenga kwa Pulezidenti wa America pa waya woyalidwa pansi pa nyanja ya Atlantic. Chiwerengero cha anthu a ku England ndi Wales chinakwera kuwirikiza kawiri, ndipo ambiri anachoka kumidzi kukagwira ntchito m'mafakitale ndi m'migodi ya malasha.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chuma chimenechi chinamangidwa pa misana ya amphawi. Ana aang'ono anali kukoka ngolo za malasha pansi pa nthaka mumdima, kufikira lamulo la 1842 linaletsa akazi onse ndi anyamata osafika zaka khumi kulowa m'migodi. Ku Ireland, kumene kunali pansi pa ufumu womwewo, matenda anagwira mbatatesi kuyambira mu 1845, ndipo m'zaka zochepa anthu ngati miliyoni imodzi anafa ndi njala ndi nthenda, enanso ngati miliyoni anathawira kunja. Victoria anapereka mapaundi 2,000 a m'thumba mwake. Koma mphamvu yotsegula nkhokwe za boma inali m'manja mwa nduna, ndipo thandizo lao linali lochepa ndi lochedwa. Aphunzitsi adzakondwa kudziwanso kuti sukulu za ana onse zinachedwa kufika ngakhale ku England: lamulo lokhazikitsa sukulu kumene kunalibe linapangidwa mu 1870, lokakamiza ana kupita kusukulu mu 1880, ndipo lochotsa fizi m'sukulu zambiri zoyambira mu 1891.

UMASIYE

Chaka cha 1861 chinamthyola mtima. Amai wake anamwalira mu Malichi, ndipo pa 14 Disembala Albert anamwalira ku Windsor ali ndi zaka 42, ndi nthenda imene madokotala anati ndi typhoid. Kwathu maliro ali ndi mathero ake: anamfedwa amameta, nabwerera kumunda. Koma Victoria anavala zakuda zaka pafupifupi 40, kufikira imfa yake, ndipo antchito anali kuyalabe zovala za Albert m'chipinda chake monga ngati akali moyo. Anadzibisa ku Windsor, ku Osborne ndi ku Balmoral m'mapiri a Scotland, ndipo sanapite kukatsegula Nyumba ya Malamulo kufikira mu 1866.

Anthu anayamba ndi chifundo, koma pambuyo pake anadandaula. Dziko linali kupereka mapaundi 385,000 chaka ndi chaka kusamalira nyumba yachifumu. Nanga phindu lake nchiyani ngati mfumuyo saoneka? Cha m'ma 1870 ndi 1871 ena analankhula poyera kuti ufumu uthe. Mitima inatembenuka pamene mwana wake wamwamuna wamkulu anadwala pafupi kufa kumapeto kwa 1871. Atachira, Mfumukazi inatuluka kukayamika Mulungu m'tchalitchi cha St Paul's mu Febuluwale 1872, ndipo makamu anaifuulira m'miseu. Koma taonani chimene zaka khumi zimenezi zinaonetsa: Mfumukazi inali yobisala, ndipo boma linayendabe, misonkho inasonkhedwa, malamulo anapangidwa.

MPHAMVU ICHOKA KU NYUMBA YACHIFUMU

Kuchepa kwa mphamvu ya mafumu a ku England kunayamba kale. Mu 1649 Charles I anadulidwa mutu atamenyana ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo kuyambira mu 1689 mfumu sinali kuloledwa kuika msonkho kapena kuimitsa lamulo payokha. Wotsiriza kukana kusaina lamulo anali Mfumukazi Anne mu 1708. M'masiku a Victoria mphamvu inatsetserekanso kupita kwa anthu wamba: lamulo la 1867 linapatsa voti amuna ambiri apantchito a m'mizinda, la 1872 linachititsa voti kukhala yachinsinsi, ndipo la 1884 linafikitsa voti kwa antchito a m'minda. Akazi sanalandire voti kufikira mu 1918, ndipo chodabwitsa nchakuti Victoria mwini anali kudana nawo maganizo akuti akazi aziponya voti.

Nduna zazikulu zimene zinatumikira pansi pake zinali khumi, ndipo ziwiri zodziwika kopambana ndi Benjamin Disraeli ndi William Gladstone. Disraeli anali wodziwa kushashalika, ndipo Mfumukazi inamkonda. Gladstone anali wolankhula motalika ndi mosanyengerera, ndipo inamuda. Chipani cha Gladstone chitapambana mu 1880, Victoria anayesa kupatsa udindo munthu wina, Lord Hartington, koma iye anamuuza kuti palibe boma limene lingaime popanda Gladstone. Mu 1885, General Gordon ataphedwa ku Khartoum, Mfumukazi inadzudzula Gladstone pa waya mosabisa, kotero kuti ngakhale akalaliki a pa waya anawerenga. Koma kumchotsa sinathe. Munthu amene inamudayo anakhala nduna yaikulu kanayi.

Tisaganize kuti Victoria anali chidole chabe. Anali kuwerenga makalata a boma tsiku ndi tsiku, kufunsa mafunso ovuta, kukankha nduna pa nkhani za nkhondo ndi za kusankha mabishopu. Ndipo popeza anaona maboma ambiri, mau ake anali olemera. Koma kulangiza ndi kwina, kulamula ndi kwina.

INDIA NDI AFRICA

Mu 1857 asilikari ndi anthu a ku India anaukira kampani ya Angelezi ya East India Company, imene inali kulamulira dzikolo. Kuukirako kunathetsedwa ndi nkhanza zoopsa, ndipo mu 1858 boma la Britain linatenga ulamuliro m'dzina la Mfumukazi. Pa kalata yolengeza zimenezi Victoria anaumirira kuti mulembedwe lonjezo lakuti zipembedzo za Amwenye sizidzasokonezedwa. Disraeli anamkonzera dzina latsopano la Mfumukazi Yaikulu ya India, limene linalengezedwa ku Delhi pa 1 Januwale 1877 ndi madyerero aakulu, pa nthawi yomwe anthu mamiliyoni anali kufa ndi njala kumwera kwa dzikolo. Ku India nakonso sanapiteko.

Mafumu ambiri a mu Africa anakhulupirira kuti akafika kwa Mfumukazi yeniyeniyo mlandu wao udzatha, monga umathera mlandu ukafika kwa mfumu yaikulu. Nkhani ziwiri zitiphunzitse. Mu 1888 Lobengula, mfumu ya Amandebele, anaika chidindo chake pa kalata yopatsa anthu a Cecil Rhodes ufulu wokumba miyala ya mtengo wapatali. Atazindikira kuti anamnyenga, anatuma nduna zake ziwiri ku England, ndipo zinaonana ndi Victoria ku Windsor mu 1889. Zinabwerera ndi kalata yomchenjeza kuti asapereke mphamvu zambiri kwa mlendo mmodzi. Koma mu Okutobala chaka chomwecho Mfumukazi yomweyo, potsata uphungu wa nduna zake, inavomereza chikalata chokhazikitsa kampani ya Rhodes, British South Africa Company. Mu 1893 asilikari a kampaniyo analanda Bulawayo, ndipo Lobengula anafera kothawa.

Mu 1895 mafumu atatu a Abetswana, Khama, Sebele ndi Bathoen, anamva kuti dziko lao liperekedwa kwa kampani yomweyo. Iwo anapita okha ku Britain, ndipo m'malo mongodikira pa khomo la nyumba yachifumu, anayendera mizinda yambiri, kulankhula m'matchalitchi ndi m'misonkhano ya anthu oponya voti. Nduna yoona za maiko a atsamunda, Joseph Chamberlain, itaona kuti anthu ali kumbali ya mafumuwo, inavomera kuti maiko ao akhalebe pansi pa chitetezo cha Britain, iwo atapereka kachigawo kodutsa njanji. Anaonana ndi Victoria ku Windsor mu Novembala, nkhani itatha kale. Lobengula anadandaula kwa mwini dzina. Khama ndi anzake anapeza kumene kunali mphamvu.

DZINA LAKE LIFIKA KWATHU

Livingstone uja anaona mathithi a Mosi-oa-Tunya mu 1855 nawatcha dzina la Victoria. Mu 1858 anakatsazika kwa Mfumukazi, nabwera ku Zambezi monga kazembe wa boma lake, ndipo mu Sepitembala 1859 anafika pa Nyanja ya Malawi. Zimene analemba za mitembo ndi magoli a akapolo m'chigwa cha Shire zinautsa mipingo. Amishoni a UMCA anafika ku Magomero mu 1861, a Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875, ndi a Blantyre mu 1876; amalonda a African Lakes Company, amene timawadziwa ndi dzina la Mandala, anatsatira mu 1878.

Kwa zaka zambiri boma la Britain silinafune kutaya ndalama pa dziko lino. Chimene chinalikakamiza ndi Apwitikizi, amene mu 1889 anakwera Shire ndi asilikari motsogozedwa ndi Serpa Pinto namenyana ndi Amakololo. Abusa ndi akulu a mipingo ya ku Scotland zikwizikwi anasaina kalata yopempha nduna yaikulu, Lord Salisbury, kuti mishoni zao zisagwe m'manja mwa Apwitikizi. Pa 11 Januwale 1890 Salisbury analamula Portugal kuchotsa asilikari ake, ndipo mu Meyi 1891 dziko lino linalengezedwa kukhala pansi pa chitetezo cha Britain. Mu 1893 linatchedwa British Central Africa Protectorate. Dzina la Nyasaland linadza mu 1907, Victoria atamwalira kale. Malire ake anagwirizanidwa ndi Ajeremani mu 1890 ndi Apwitikizi mu 1891, m'maofesi a ku Ulaya, ndipo ndiwo anagawa Achewa m'maiko atatu amene lero ndi Malawi, Zambia ndi Mozambique.

Mkulu woyamba wa boma anali Harry Johnston, amene anakhala ku Zomba. Mapangano amene iye ndi anzake anachita ndi mafumu, monga Jumbe wa ku Nkhotakota mu 1889, analembedwa m'dzina la Mfumukazi. Koma m'zaka zoyamba ndalama zoyendetsera boma, mapaundi 10,000 pa chaka, zinali kuchokera ku kampani ya Rhodes, ndipo asilikari ake odalirika anali Asikh ochokera ku India. Ndi iwo anamenyana ndi mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Kawinga, ndipo mu Disembala 1895 anagonjetsa ndi kupachika Mlozi, wogulitsa akapolo wa ku Karonga. Malonda a akapolo anathadi, ndipo ichi ndi chinthu chachikulu chosayenera kuchichepetsa. Koma boma lomwelo linapha Inkosi Gomani wa Angoni mu 1896, linaika msonkho wa nyumba umene unatuma amuna kukagwira ntchito m'minda ya Azungu, ndiponso linatsimikizira Azungu ochepa malo aakulu a nthaka yabwino m'mapiri a Shire. Mbeu ya madandaulo a John Chilembwe a mu 1915 inafesedwa m'zaka zimenezi.

MASIKU OTSIRIZA

Mu ukalamba wake Victoria anakondedwa koposa kale. Amuna asanu ndi awiri anayesa kumuombera kapena kummenya pa nthawi zosiyanasiyana, kuyambira mu 1840 kufikira mu 1882, ndipo kupulumuka kwake kunangoonjezera chikondi cha anthu. Mu 1887 anachita chikondwerero cha zaka 50 za ufumu, ndipo mu 1897 cha zaka 60, pamene asilikari a mitundu yambiri anaguba m'miseu ya London patsogolo pa gogo wamfupi wovala zakuda. Nthawi imeneyo pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse pa dziko lapansi anali pansi pa ufumu wake.

Anamwalira ku Osborne pa 22 Januwale 1901 ali ndi zaka 81, nkhondo ya Angelezi ndi Mabunu ikali mkati ku South Africa, ndipo anaikidwa ku Frogmore pambali pa Albert. Mwana wake Edward VII analowa ufumu ali ndi zaka 59. Ana ndi adzukulu ake anakwatira m'nyumba zachifumu za ku Ulaya konse, ndipo iye ndi Albert anali kuyembekeza kuti chibale chimenechi chidzasunga mtendere. Koma mu 1914 adzukulu ake awiri, George V wa ku Britain ndi Wilhelm II wa ku Germany, anapezeka pa mbali ziwiri za nkhondo yaikulu, imene inafika mpaka ku Karonga, ndi kutengera makolo athu ambiri ku mtengatenga. Utali wa ufumu wake unapambanidwa mu 2015 ndi Elizabeth II, wa m'mbumba yake yomwe, amene analamulira zaka 70 namwalira mu 2022.

MAU KWA MPHUNZITSI

M'masiku a atsamunda ana a sukulu anali kusonkhana pa 24 Meyi, tsiku lobadwa Victoria, kukondwerera ufumu wa Britain, ndipo anali kuuzidwa za mai wachifundo amene anamasula akapolo. Dziko litalandira ufulu mu 1964 kunakhala kosavuta kutembenuza chithunzicho, ndi kunena za mkazi wankhanza amene anaba maiko. Zithunzi ziwiri zonsezi zili ndi chilema chimodzi: zimaika mbiri yonse pa mutu wa munthu mmodzi, ndipo mwana wophunzira motero amakula akuganiza kuti zabwino ndi zoipa za dziko zimagwa kuchokera kwa wamkulu mmodzi wokhala kutali.

Sitinena kuti Victoria alibe mlandu. Anakondwera ndi kukula kwa ufumu wake, analimbikitsa nkhondo zake zambiri, ndipo anasaina zimene anasaina. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma pophunzitsa nkhani iyi, lembani pa bolodi chinthu chimodzi, monga kulengezedwa kwa chitetezo mu 1891, ndipo funsani ana mafunso anayi: Anapempha ndani? Anagamula ndani? Analipira ndani? Nanga anthu a kuno anayankha motani? Pofunafuna mayankho adzapeza amishoni, Salisbury, Rhodes, Johnston, asilikari a ku India, ndi mafumu athu amene ena anapangana nawo alendowo ndipo ena anamenyana nawo. Kenaka auzeni za Lobengula ndi za Khama, ndipo alekeni akambirane okha chifukwa chake wina anataya dziko ndipo wina analisunga. Mwana amene waphunzira kufunsa mafunso otere pa ufumu wa Victoria adzadziwa kuwafunsanso pa boma lililonse limene adzakhala pansi pake.